Ndinafunditsa Firiji Bulangete

Nkhani iyi alamu anga a Fabiano amaikonda, moti pa ukwati uliwonse wa pachibale amaifotokoza atathira mchere wawo. Ndiye ndati bola ndiinene ndekha, manyaziwo ndisenze mwini wake.

Amuna anga, bambo a Tereza, anali khukhi wa mzungu wina wa za nkhalango pa boma pa Dedza. Dziko litalandira ufulu mzunguyo anabwerera kwawo, n'kuwasiyira firiji. Inali yoyera, yonenepa, yondifika m'chifuwa. Mwamwayi kanyumba kathu kanali m'gulu la nyumba zochepa za magetsi.

Ine wa ku Kasina, sukulu ndinalekeza Sitandade 2, za firiji ndinkangodziwa kutsegula ndi kutseka. Zina zonse zinali za bambo. Loweruka lililonse ankaizimitsa, kuikokera pakati pa chipinda, n'kumaipukuta kumsana akuimba nyimbo za kwaya. Ndikati ndithandize ankati, "Amayi a Tereza, uyu ndi mkazi wanga wachiwiri. Musamuyandikire, mungamenyane." (Akatolika mitala sitiilola, koma imeneyi ndinaivomera.)

Bambo anatisiya mwezi wa Meyi. Titameta, achibale anabalalika, Tereza anabwerera kubanja kwake ku Zomba. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi mkazi mnzanga uja.

Kale firijiyo inkang'ung'udza pang'ono kenako n'kupuma. Koma pofika kumapeto kwa Juni inaleka kupuma. M'mawa ikulira, masana ikulira, ndikachokera ku Misa ndikuipeza ikulirabe. Mantha anandigwira. Bambo nawonso anayamba ndi kubuula kosalekeza, ine n'kumati ndi chimfine. Ndinalumbira kuti iyi yokha sindilola kuti indifere ndikuyang'ana. Malaya awo achibale anagawana, njinga inapita kwa mphwawo, a Fabiano. Chinthu chotsala chimene manja awo ankagwira chinali chomwechi.

Choyamba ndinaganiza kuti ndi njala. Munthu mmodzi ungasunge chiyani? Munali botolo la madzi ndi tomato awiri. Ndinaphika nyemba mphika wathunthu, n'kuulowetsa uli wotentha, nthunzi ili tolotolo, kuti mnzanga amve kuti pakhomo pakadali anthu. Kulira kunakula.

Kenako madzi oundana a m'kabokosi ka m'mwamba anatupa mpaka chitseko chinaleka kutsekeka bwino. Ndinatenga nsalu yanga ya chipani, ija tinkavala kokavina akuluakulu akabwera, n'kumanga firiji m'chiuno. Nditaima patali ndinaona kuti nkhope ya pansalupo yakhala mozondoka. Ndinamasula msanga, n'kumangira chingwe cha mbuzi. (Masiku amenewo ngakhale zenera linali ndi maso.)

Tsiku lina m'mawa nkhungu itaphimba phiri lonse, ndinaika dzanja pambali pa firiji. Inali kunjenjemera. Amene anakhalako ku Dedza mwezi wa Julayi akudziwa chisanu chake, chimalowa mpaka m'mano. Ndinati, kodi ine ndavala juzi ziwiri, mnzangayu ali chomwechi pasimenti? Ndinaikankhira pakona, kuigunditsa kukhoma kuti mphepo ya pakhomo isamaipeze. Ndinatulutsa bulangete la bambo, lofiira lija ndinalibisa pogawana katundu, n'kuifunditsa bwinobwino, makamaka kumsana kumene kuli timawaya takuda toonekera ngati nthiti.

Pofika masana msana wake unali moto. Ndinati basi, malungo.

Apa ndiye ndinachita chimene a Fabiano amachisunga kumapeto akamafotokoza. Ndinatenga madzi odalitsa amene anatsala pa maliro, n'kuwaza kumsana kwake ndikunena Tikuoneni Mariya. Nditagwira chitsulo ndi dzanja lonyowa, chinandimenya mpaka m'chigongono, ndinapezeka ndakhala pansi, kolona ili uko. Bambo ananena kuti tidzamenyana. Anayamba ndi iyeyo.

Ndinavala mpango n'kupita kumene a Fabiano, mng'ono wa bambo, ankagwira ntchito ya magetsi pa makina ocheka matabwa. Anabwera ataweruka. Atalowa anaima pakhomo nthawi yaitali.

"Alamu, wodwalayu mwamupatsako phala?"

"Nyemba," ndinayankha. Sindinadziwe kuti akundiseka.

"Nanga chingwechi? Amafuna kuthawa?"

"Inu konzani, musandiyankhulitse pambali."

Anaizimitsa, kuchotsa bulangete, n'kuikokera pakati pa chipinda, pamalo pomwe paja achimwene awo ankaiimika. Anandionetsa timawaya takumsana tija. Tinali titavala fumbi ndi ndandaule za kangaude ngati ubweya wa nkhosa.

"Ichi chimapumira kumsana, alamu. Kuti m'kati muzizire, kutentha kumatulukira kuno. Fumbi linachitseka mphuno, inu n'kuwonjezera khoma ndi bulangete. Mukanapitiriza mpaka Lamulungu tikanaimba nyimbo za maliro kachiwiri."

"Nanga kunjenjemera kuja?"

"Ndi ntchito. Inunso mukamasinja mumanjenjemera, koma palibe amakufunditsani."

Anandipatsa kansalu kuti ndipukute ndekha. Tinadikira madzi oundana aja asungunuke m'beseni, iwo anatsuka mphira wa m'mbali mwa chitseko ndi madzi ofunda mpaka chinayamba kugwira. Pogwira ntchito anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya kwaya yomwe ija. Atazindikira analeka, tonse tinangoyang'ana m'beseni.

Atayatsa, inalira kanthawi ndithu, ife tikumwa tiyi. Kenako inangoti zii.

"Yafa?" ndinafunsa, kapu ili m'manja.

"Ikupuma. Yachira imeneyo. Loweruka lililonse muzichita monga ankachitira achimwene. Zotentha ayi, bulangete ayi. Madzi odalitsa muzimwa nokha."

Anakwera njinga ija n'kumapita, akuseka mpaka pa msewu.

Ndinabwerera m'nyumba. Dzuwa linali lisanalowe, koma munali chete amene ndinali ndisanamumvepo chichokereni anthu a pamaliro. Ndinamva mpando ukulira pokhala, ndinamva ndikumeza tiyi. Ndi pamene ndinadziwa kuti masabata onse aja ndinkadandaula ndi kulira kwa firiji, kulirako ndi kumene kunkandiyankha ndikalowa pakhomo.

Malangizo a alamu ndinawasunga. Loweruka ndimaikokera pakati, kuipukuta kumsana, nyimbo ndimaimba ngakhale mawu anga ndi a khwangwala. Bulangete ndimafunda ndine. Koma pali chimodzi chimene a Fabiano sadziwa, ndipo musakawauze. Masana ena, chete akachuluka, ndimatsegula chitseko chake pang'ono n'kukhala pampando wa bambo. Sipatenga nthawi, mkazi mnzanga amayamba kudandaula. Ndimamusiya anene zake pang'ono, ine n'kuti, "Ndamva, mayi," kenako n'kutseka.