A Kapitawo ndi Timitu Taulesi ta m'Kompyuta

Aliyense amene anagwirapo ntchito pa ofesi yathu akudziwa kuti a Kapitawo sankapirira kuona chinthu chitangokhala. Munthu, makina, ngakhale ketulo, zonse zinkayenera kukhala pa ntchito. Dzinali tinawapatsa ndife, ndipo ankaliyankha monyadira.

Ife timapanga mapulani a chipu, kachipangizo kamene kamaganiza m'kompyuta. Chipu cha masiku ano chimakhala ndi timitu tambiri togwirira ntchito limodzi, koma pulogalamu yogawira timituto ntchito ndi imene inkachedwetsa zonse. Kugawako kunkadya nthawi kuposa ntchito yeniyeniyo. Zimenezi a Kapitawo zinkawapweteka ngati dzino lobooka.

"Taonani kamutu aka!" ankakalipa, chala chili pa sikirini. "Tinzake tikukhetsa thukuta, iko kakuwodzera!"

"Kakudikira kupatsidwa ntchito, bwana."

"Kudikira? Kayesa pano ndi pokwerera basi?"

Tsono anaganiza zoti wogawa ntchitoyo asakhalenso pulogalamu, koma kachigawo kakekake komangidwa m'chipu momwemo, kogawa m'kuphethira kwa diso. Tsoka lake, nzeru iliyonse ankayamba ayesera pa ife. Ukanyamuka kukatunga madzi akumwa, ankakuimika pakhomo: "Dzanja linalo lanyamula chiyani?" Mnzathu wina, Wamagalasi, anayamba kukadyera m'chipinda cha maseva, makompyuta akuluakulu aja, mozizira ngati mufiriji, kuthawa iwowo. Anamupezabe, n'kumupatsa mawaya oti azilongosola uku akutafuna.

Akazi awo anatiuza kuti kunyumba zinali chimodzimodzi. Pa ukwati wa mwana wawo anagawa ntchito mpaka mwini ukwatiyo anapezeka atasenza mipando, ali mu suti.

"Ababa, inetu ndine mkwati!"

"Mkwatibwi wafika? Sanafike. Senza."

Mapulani atangotumizidwa ku fakitale, a Kapitawo anadwala. Chipu chikapangidwa sichikonzedwanso ayi. Tikanalakwitsa penapake, thukuta la zaka likanapita pachabe, ndipo gulu lathu akanalibalalitsa. Tsiku limene chipucho chinafika kuchokera ku fakitale, tinachiyatsa mitima ili m'mwamba. Timitu tonse tinadzuka nthawi imodzi, popanda ndi kamodzi komwe kotsalira. Wamagalasi anangoti pansi khalu, n'kupuma ngati watula thumba la simenti.

Ine ndinathamangira kuchipatala.

"Bwana, chatheka! Timitu tonse tili pa ntchito!"

Anatsegula diso limodzi. "Tonse?"

"Tonse, bwana."

"Nanga iwe ukutani kuno? Yako wasiyira ndani?"

Iwo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Mayi, mpatseni mpando mwanayu. Akhaleko pang'ono."

Amayiwo anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso. Mawu otere tinali tisanawamvepo pakamwa pawo. Ndinakhala. A Kapitawo anatisiya sabata yomweyo, mtima wawo uli m'malo.

Ndisaname, pa ofesi tapuma. Amene analowa m'malo mwawo ndi munthu wofatsa, amagogoda asanalowe, ndipo akafuna kukutuma amayamba wapepesa. Anthu anenepa. Ena mpaka ayamba kudziwa mayina a ana a anzawo.

Koma dzulo masana, muli zii, ndinayasamula mokweza, kukamwa konse pululu, kenako ndinadzidzimuka n'kucheuka kuti ndilandire zanga. Panalibe wondikalipira. Ndinatseka pakamwa ndekha, n'kukoka mpando kubwerera pa ntchito.