Silipasi Pansi pa Buleki

Mukadzafika kwathu mudzamva anthu akunditchula kuti Mayi Silipasi. Musadzawafunse chifukwa chake, amawonjezera zawo. Bola ndikuuzeni ndekha, popeza amene analowa ndi galimoto m'chigafa cha eni ake ndine.

Amuna anga, bambo a Tadala, atamwalira, pakhomo panatsala zinthu ziwiri zoponda ndi phazi: makina anga osokera ndi kapikapu kawo kakale koyera. Chichokereni kumanda ndinkalephera kukhala pansi. Ndinkasesa posesa kale. Ndinkasoka diresi, kuliphwasula, kulisokanso. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'galimoto muja, kuiliza, kumvetsera pang'ono, kenako kuizimitsa. Mpando unali udakali ndi dzenje la thupi lawo, ndipo ndikakhala m'dzenjemo mtima unkatsikako.

Ndiye kunabwera alamu anga a Fabiano, akulu awo a malemu.

"Alamu, galimoto ikangokhala imaola," anatero. "Ipite kwa munthu woyendetsa."

(Munthu woyendetsayo sanamutchule dzina, koma maso awo sanachoke pa msomali pomwe ndinkakoleka makiyi.)

"Ine ndimayendetsa," pakamwa panga panayankha mutu usanavomere.

Silinali bodza lenileni. Laisensi ndili nayo, malemu anachita kundikakamiza kuti ndiitenge. Koma kuyendetsa kwanga kunali kwa pabwalo la mpira ndi pamsewu wa see. Kwathu ndi pamwamba pa phiri, ndipo popita ku Malomo pali mtsetse wautali wa dothi lofiira, wokhota kumunsi kwake. Tikafika pamenepo malemu ankangoti, "Sendera uko," ine n'kusendera.

"Chabwino," anatero alamu. "Loweruka la sabata ya mawa mudzanditsitsire ku Malomo. Tikakafika, nkhani yatha. Mukalephera, makiyi ndidzapita nawo."

Inali nyengo ya mvula, fodya ali m'zigafa, msewu ukuterera ngati therere.

Mawa lake ndinatsikira ku Malomo wapansi kukagula ulusi kwa Che Saidi. Shopu yawo ili ndi zonse, singano, mabatire, shuga, ndipo kuseri kwa katani kuli TV ya magemu. Mng'ono wawo anawatumizira kuchokera ku Joni chiwongolero chenicheni ndi zopondera zake, ndiye akabaza akasowa makasitomala amakapikisana kumeneko. Malemu ankawanyamulira katundu Che Saidi, choncho nditawafotokozera za alamu anangotsegula katani.

"Khalani apa, mayi a Tadala. Apa mukagunda palibe wopita kuchipatala."

Tangoganizani mayi wamkulu, duku lakuda lili kumutu, wagwira chiwongolero pakati pa abambo akabaza. (Ndinayang'ana kaye kukhomo ngati sikukudutsa munthu wa kumphakati kwathu.) Galimoto ya pa TV inanyamuka, ndinafika pokhota, ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse, ndipo inakhota bwinobwino. Ndinatembenuka kuti anthu aone.

"Ayi, ikukunamizani iyi," anatero Che Saidi. "Muli kanthu kotchedwa ABS. Inu mukaponda mwaukali, iko kamaponda n'kusiya, kuponda n'kusiya, kuti matayala asaleke kuzungulira. Kapikapu ka malemu ndimakadziwa, kalibe zimenezo."

Anadina penapake, kothandiza kaja kanazima. Anadinanso, pa TV panayamba mvula.

Abale anga, mpanda wa pokhota paja ndinaudziwa ngati wa kumunda kwanga. Ndikaponda buleki matayala ankauma, galimoto n'kumangotsetsereka molunjika, chiwongolero osamva kalikonse ngakhale nditachipotoza bwanji. Phuu! Che Saidi n'kudina, galimoto n'kubwerera ili yatsopano. Phuu! Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndinaponda mpaka mpando wa pulasitiki unathawira kumbuyo, ine chagada, miyendo m'mwamba, duku uko.

"Amayi, mpanda umenewu munayambana nawo chiyani?" anafunsa wakabaza wina akundidzutsa.

"Asiyeni, akufuna nkhuni," anatero mnzake.

Ndinakwera phiri kubwerera kwathu ndikuyankhula ndekha. Kunyumba sindinakhalenso pansi. Ndinatenga shati ya munthu yomwe inatsala kolala, ndinavula masilipasi monga ndimachitira nthawi zonse, n'kuyamba kupalasa makina. Nditafika pokhota pa kolala ndinaona chimene phazi langa linkachita. Silinkaponda mwaukali. Linkakanikiza pang'ono, kumvetsera, kumasula, kukanikizanso. Zaka zonsezi phazi limeneli limadziwa kukhota, mwini wake osadziwa. Ndipo ndinakumbukira mawu a bambo a Tadala pabwalo la mpira paja: "Iwe, buleki si njoka, usaiphe."

Ndinaseka, kenako ndinalira pang'ono, kenako ndinamaliza kolala.

M'mawa mwake ndinafika kwa Che Saidi asanamalize kusesa. Ndinavula masilipasi, kuwasiya patsogolo pa mpando, n'kuponda ndi phazi lenileni. Kanikiza, mvetsera, masula. Ndinagunda kawiri kokha. Kachitatu ndinadutsa pokhota paja mpanda uli chiimire. Pofika Lachisanu ndinali nditamusiya kumbuyo wakabaza wa nkhuni uja, anzake akumukuwiza. (Sungani mawu awa: m'shopu mwa Che Saidi pansi ndi pa see. Silipasi ukaisiya apa, umaipeza pomwepo.)

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Alamu anafika atavala jekete, kuoneka kuti akonzeka kubwerera akuyendetsa okha. Tinalowa m'galimoto. Ine ndinakhala m'dzenje la malemu, ndinavula masilipasi n'kuwasiya pamapazi pomwepo.

"Mukuvuliranji, alamu? Tikuwoloka mtsinje?"

"Phazi limamva bwino likakhala lokha," ndinayankha ngati munthu wodziwa.

Poyamba zonse zinayenda. Tinadutsa pachigayo, tinadutsa pamjigo, amayi otunga madzi akuimika zidebe kuti aone. Kenako mphuno ya galimoto inaloza pansi, mtsetse uja unayamba. Chilichonse chomwe chinali m'galimotomo chinasendera kutsogolo. Masilipasi anganso.

Ndinakanikiza buleki. Inalowa pang'ono n'kukana. Ndinakanikizanso, ndinamva chinthu chofewa pansi pake. Nditasuzumira ndinaona kachingwe kabuluu.

"Alamu, silipasi!"

"Silipasi yatani?"

"Yalowa pansi pa buleki! Chotsani!"

"Mwati chiyani?"

"Chotsani, tikufa!"

Munthu wamkulu, wa jekete lake, anagwada n'kulowetsa mutu pansi pa chiwongolero. Galimoto ikuthamanga, mitengo ikudutsa, pokhota paja pakuyandikira. Ndinamva akufwenthera m'munsimo, kenako anakuwa kuti, "Yatuluka!"

Apa ndi pomwe ndiyenera kuulula. Zonse zimene ndinaphunzira, kolala, Che Saidi, mawu a malemu, zinauluka. Ndinaponda buleki ija ngati njoka yeniyeni. Matayala anauma, galimoto inayamba kutsetsereka chammbali, ndendende ngati pa TV, kungoti panalibe wodina kuti ibwerere ili yatsopano.

Chimene sindinadziwe n'chakuti alamu, pofuna podzukira, anali atagwira buleki yomweyo ndi dzanja.

"Mayooo!"

Ndinadzidzimuka n'kukweza phazi. Nthawi yomweyo matayala anazungulira, chiwongolero chinamva, galimoto inawongoka. Koma inali ikuthamangabe, ndiye ndinapondanso.

"Mayo! Zala!"

Ndinakweza. Ndinapondanso.

"Mayo!"

(Mudzafunsa kuti bwanji sanachotse dzanja. Nanenso ndinawafunsa pambuyo pake. Akuti nthawi iliyonse ndikakweza phazi galimoto inkagwedezeka, iwo n'kugwiranso pomwepo kuti asagunde mutu.)

Tinatsika choncho, ine kuponda, iwo kukuwa, ine kumasula. Liwiro linachepa ndithu. Pokhota paja tinangotsala pang'ono kupamaliza, koma matayala akumbuyo anakana. Tinachoka mumsewu pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, n'kukalowetsa mphuno m'chigafa cha mayi wina. Masamba a fodya anagwera pagalasi. Injini inazima. Kunja mvula yokha.

Alamu anatuluka pansi paja jekete lili kukhosi, dzanja limodzi lagwira silipasi, linalo aliika m'kamwa.

Mwini chigafa anabwera akuthamanga ndi khasu m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana alamu ndi silipasi yawo.

"Mayi a Tadala, mwawamenya nayo kapena akumenyani nayo?"

Pofika madzulo funso limeneli linali litazungulira midzi itatu, ndipo dzina lija linabadwa pomwepo.

Tinadzutsa mtengo umodzi wa chigafa womwe unapendekeka, tinatola masamba n'kuwakolekanso, ndikupepesa mpaka mawu kutha. Mumtima ndinadziwa kuti galimoto yapita. Pangano linali lokafika ku Malomo, osati m'fodya wa eni ake. Ndinazula makiyi n'kuwapereka kwa alamu ndi manja awiri.

Anatambasula dzanja kuti alandire. Zala zitatu zinali zitatupa ngati chinangwa. Anayesa kufumbata, zinakana. Anayang'ana makiyi, anayang'ana giya, anayang'ana msewu wopanda galimoto ina iliyonse.

"Zimenezi n'zofunika kuchipatala," anatero mwini chigafa.

"Chipatala chili ku Malomo," ndinatero ine, mwaulemu.

Alamu anatenga silipasi ija, anatolanso inzake, anaziponya kumbuyo kwa pikapu, n'kukakhala pampando wawo manja ali m'khwapa.

"Tiyeni. Koma pang'onopang'ono."

Anthu anatikankha kubwerera mumsewu. Mtsetse wotsalawo ndinautsika monga ndimasokera kolala ya shati ya ukwati, kanikiza, mvetsera, masula. Ndinakaima pakhomo pa chipatala.

"Tafika ku Malomo, alamu."

"Ndaona." Anatsika, anatseka chitseko ndi chigongono. "Galimoto ndi yanu. Pobwerera musandidikire, ndikwera kabaza."

Zala sizinathyoke, zinangotupa sabata imodzi. Che Saidi atamva nkhani yonse anagwira kauntala kuti asagwe ndi kuseka.

"Ndiye ndinalakwa, mayi a Tadala," anatero akupukuta misozi. "Kapikapu kaja ABS kali nayo. Dzina lake ndi a Fabiano."

Lero mtedza wanga ndimatsitsa ndekha kumsika, ngakhale kuti ofuna kukwera nawo ndi ochepa. Masilipasi amakwera kumbuyo, pamodzi ndi matumba. Kwa Che Saidi ndinayenera kusiya kupitako, popeza chimene ndinkafuna ndinachipeza, koma tsiku la msika ndimapezeka ndagula ulusi umene ndili nawo kale, katani n'kutseguka yokha. Kothandiza kaja sindilola kuti akayatse.

Ndipo ndikamatsika mtsetse uja mvula itagwa, ndili m'dzenje la bambo a Tadala, ndimamva mawu a anthu awiri. Malemu amati, "Usaiphe." Alamu amati, "Mayo!" Andikhululukire amuna anga komwe aliko, koma amene phazi langa limawamvera msanga ndi alamu.