Malume Zeferino ndi Pepala la Mjigo

Kwathu kuno kufupi ndi Malowera, ukangotchula malemu Zeferino anthu amayamba kuseka usanafike pa nkhani. Mkulu ameneyu sankamaliza mawu osadutsira ku Indoneziya. Uwapatse moni, akuyankha za ku Java. Mbuzi ya a Damião ilowe m'dimba mwawo, basi: "Umu ndi mmene analowera Aolanda! Amayamba ndi tsamba limodzi."

Ali mnyamata, Apwitikizi anawagwira utropa, usilikali wokakamiza, n'kuwakweza sitima mpaka ku Timor, kumalire ndi Indoneziya. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi wophika wina wa ku Java, amene anawathira nkhani m'khutu zaka zitatu zathunthu. Anabwerako opanda mendulo, opanda nsapato, koma mutu uli tho ndi nkhani za Aolanda, azungu amene ankalamulira Java.

Amene ankasenza mtolo umenewu tsiku ndi tsiku anali Catarina, mwana wa mlongo wawo. Anawapirira ku msasa wa othawa nkhondo ku Zambia, anawapiriranso pa kamiyau, lole ija, pobwerera kwawo nkhondo itatha.

"Malume, tafolerani nyumba, mvula yayandikira."

"Ku Java, mwanawe, Aolanda ankalamula munthu kudzala khofi ndi nzimbe, mpunga wake n'kumauma. Chibalo chathu cha thonje chija, kumeneko n'kumene kunali agogo ake."

"Nanga khofiyo afolera denga?"

Pochokera ku Zambia, mudzi anaupeza uli tchire lokhalokha, zitsime zitakwiririka. Catarina ankayenda maola awiri kukatunga madzi amatope kumtsinje, ndipo mwana wake wamng'ono sankapola m'mimba. Ndiye tsiku lina kunafika mzungu wa bungwe lokumba mijigo, wamtali ngati mgwalangwa, atanyamula pepala loti anthu adindepo chala. Azimayi nthungululu anali atayamba kale.

A Zeferino anatsokomola. "Sinyoro, kwanu n'kuti?"

"Ku Olanda," anatero mzungu akumwetulira, osadziwa kuti waputa mavu.

Mayo ine! Catarina anangogwira kumutu. Munthu wadikira Mwolanda zaka makumi anayi, lero Mwolanda wadzibweretsa yekha.

"Aphunzitsi a Inácio, tatiwerengereni. Pepalali likuti malo a mjigo ndi a yani?" anafunsa a Zeferino.

A Inácio anawerenga Chipwitikizi chija mpaka pansi. Linkati malowo akuperekedwa ku bungwe.

"Ehe! Ku Java anapemphanso kamalo kongosungirapo katundu. Anadzachoka patapita zaka mazana atatu!"

Ananyamula kampando kawo n'kukakhala pomwe panakhomedwa chikhomo cha pokumba mjigo. Masiku anayi, anthu inu! Azimayi anawatukwana, wina anawagenda ndi chitsononkho, iwo ali phee. Tsiku lachinayi Catarina anatula ndowa pamapazi awo, misozi ya mkwiyo ili mbwe.

"Malume, mwana wanga akutha ndi madzi oipa, inu muli ku Java! Timwe mbiri?"

Mkuluyo anawerama. Anayang'ana madzi ofiira a m'ndowamo nthawi yaitali.

"Ndikuona, mwanawe, ndipo mtima ukundiwawa. Koma ludzu ndi limene limadinditsa munthu chala asanawerenge. Alembe kuti madzi ndi nthaka n'za mudzi, alembe m'Chinyanja, ine ndichokapo."

M'mawa mwake mzungu anabwera ndi pepala latsopano la zilankhulo ziwiri. Anakhala pansi pambali pa a Zeferino n'kunena kuti kusukulu kwawo za ku Java anangowanunkhitsa, ndiye amufotokozereko pang'ono.

Pang'ono! Kwa a Zeferino! Dzuwa linakwera, linapendeka, anyamata okumba anagona pansi pa kamiyau n'kudzuka, nkhani ili pa tsabola, isanafike n'komwe pa khofi. Mzungu anachoka khosi litapsa psuu, atapepesa za tsabola, za nzimbe, mpaka za mbuzi ya a Damião.

Madzi atatuluka, mkuluyo anafunsa kaye, "Ndi athu, eti?" Kenaka anamwa zikho zitatu osapuma. Mwana wa Catarina anachira. Patapita zaka, okumba golide ena atafuna kutchinga mjigowo kuti azitsukirapo dothi lawo, pepala la Chinyanja lija ndi limene linawabweza. Catarina anaima pagulu n'kuvomera kuti malume ake anali wovuta ngati chimfine, koma anali ndi maso.

A Zeferino anamwalira nthawi yokolola, atakalamba ndithu, ndipo ngakhale mayi wa chitsononkho uja analira mpaka kusasa mawu.

Masiku ano misonkhano kwathu imatha msanga. Mwezi wathawu kunabwera anthu a galimoto yoyera ndi pepala lonena za phiri la kuseri kwa minda. Linawerengedwa kamodzi, m'Chipwitikizi, mothamanga. Palibe anatsokomola. Anthu anandanda n'kumadinda, Catarina nayenso anadinda poopa kuoneka wovuta. Dzuwa lisanatenthe onse anali atabalalika, popanda woseka, popanda wotukwana.

Catarina anatsikira ku mjigo yekha n'kuyamba kukwecha chala chake ndi mchenga. Anawasowa malume ake. Inki ija sinachoke mpaka tsiku lachitatu.