Mpira Woonera Kumsana

Kwa Olemekezeka Bwana Wapampando,
Komiti ya Masewero ndi Chikhalidwe,
Khonsolo ya mzinda wathu uno.

Bwana,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Dzina langa musavutike nalo. Ndine uja ndimanyamula ng'oma yaikulu m'bandi ya malipenga ya khonsolo, wamtali wa yunifomu yothina m'khwapa. Poti chaka chikutha, ndati ndikuthokozeni pagulu, anthu adziwe kuti ena ife tinaleredwa.

Owerenga ena sadziwa lamulo lanu lanzeru lija, ndiye ndiwafotokozere. Pa chochitika chilichonse cha mumzinda muno, bandi imaima panja pa geti, kuyang'ana kumsewu, kudikira galimoto yanu kuti tikulandireni ndi nyimbo. Pa pulogalamu pamalembedwa kuti mutsegulira mwambo m'mawa. Inu mumafika anthu akupinda mipando, mugwire dzanja la wopambana, ajambule, basi mwatuluka. Mlendo ndi mame ndithu. Choncho zochitika zonse za chaka chino ndinalipo, ndipo zonse ndinazionera kumsana.

Chimene chandilembetsa ndi mwana wanga wachisamba, goloboyi wa timu ya atsikana ya mumzinda muno. Loweruka lomaliza la Disembala ali ndi fainolo, masewero ake otsiriza asanapite kusukulu ya unamwino kutali, ndipo ine bambo wake sindinamuonepo akugwira mpira. Koma ndisathamange. Ulemu uyambe.

Choyamba, zikomo pondinolera makutu. Mu Januwale, pa mpikisano wothamanga, ndinali mbuli, ndinkangomva phokoso. Pofika Malichi, tsiku la nkhonya kuholo ya mzinda, ndinkatha kuuza anzanga kuti amene wagwayo ndi wonenepa, pongomva mmene matabwa alirira. Lero ndimasiyanitsa mfuu ya chigoli chathu ndi ya chigoli cha adani. Penate ili ndi chete wakewake, wogwira pamimba. Ukatswiri wotere a wailesi amaupitira kusukulu, ine mwandipatsa ulele.

Chachiwiri, ndikuthokozeni m'malo mwa anthu wamba amene alandira ulemu chifukwa cha inu. Mkulu wa bandi yathu, yemwe timam'tcha a Masaya, maso anayamba kuwavuta, ndiye galimoto iliyonse yoyatsa nyali masana amakweza ndodo. Chaka chino talandira ndi nyimbo vani ya buledi, thirakitala yotchetcha udzu ndi lole ya zinyalala, moti dalaivala wake masiku ano akamadutsa amachita sawacha. Mu Juni, tsiku la makwaya, tinaimbira nyimbo yachimwemwe galimoto yonyamula maliro. Tinachita manyazi osaneneka. Koma mlamu wa malemuyo anatsika kudzatigwira chanza, akuti m'bale wawo moyo wake wonse sanalandiridwepo chonchi.

Chachitatu ndi chikhalidwe. Ndamva kuti mpikisano wa zisudzo mu Ogasiti unali wokoma, anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine sindikudandaula, poti sewero langa munandikonzera tsidya la msewu. Moyang'anizana ndi geti la bwalo la masewero muli kanyumba ka ometa tsitsi, pambali pake pali mayi wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera. Ndaonerera wometayo akuyamba moni wamanyazi mu Febuluwale, akugula mayunitsi amene sakuwafuna, akukanidwa, akunyanyala, akumetera mlongo wake wa mayiyo ulele. Pano ambulera ija inasamukira pakhonde la wometa, ndipo mayiyo ndi woyembekezera. Komiti yanu ikamagawa mphotho za zisudzo, awiriwa isawaiwale, chifukwa ndi sewero lokhalo limene bandi yonse yaonera kuyambira poyamba.

Pa za dzuwa la Okutobala sindinena zambiri. Tsiku la mpikisano wa njinga mlembi wanu anatiuza pafoni kuti muli m'njira, ndipo njirayo iyenera kuti inali yaitali, poti mlonda anakhoma geti inu mukadali momwemo. A Masaya anakomoka ataima, mwaulemu, ndodo ili m'manja. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ndinaiona, Bwana, inadutsa pafupi ndi nsapato yanga, maso ndinawaonanso.

Tsopano za mwana uja. Ochemerera anam'patsa dzina loti Ulimbo, akuti mpira ukafika m'manja mwake suchokamo. Ndikuti akuti, chifukwa ine ndimangomva. Bwalo lonse likamakuwa dzinalo kumsana kwanga, mtima umagunda kuposa ng'oma ndanyamulayi, khosi limafuna kutembenuka lokha, koma a Masaya amati tikacheuka ndiye nthawi imene mutulukire. Kunyumba amake amandiseka kuti ndine bambo wa mphekesera. Woyandikana nafe nyumba, telala amene mpira saudziwa n'komwe, ndi amene amandifotokozera mmene mwana wanga amadumphira, mpaka kundionetsa ndi manja. Zimandiwawa, Bwana. Ndimaseka nawo, koma zimandiwawa.

Sabata yatha, atapambana semifainolo pogwira penate, ndinamufunsa mwanayo monga mwa masiku onse kuti zayenda bwanji. Anapitiriza kumasula zingwe za nsapato osandiyang'ana.

“Adadi, mwabwera pa masewero anga onse, koma simunandionepo. Ndikayang'ana kugeti ndimaona nkhongo yanu.”



Ndiye poti kupempha si kuba, nali pempho langa. Sindikunena kuti mudzafike pa nthawi yake. Ndine yani ine woti n'kulamula wotchi ya bwana? Sindikupemphanso mpando, kapena mthunzi, kapena yunifomu ina. Ndikungopempha kuti tsiku la fainolo mutilole ife a bandi tidzaime pomwe timaima pomwepo, koma titatembenuka, maso ali kubwalo. Mlonda wavomera kale kuti akadzaona galimoto yanu, yeniyeniyo, adzaimba likhweru, ndipo tidzakulandirani ndi mphamvu zathu zonse. Ng'oma imalira chimodzimodzi, kaya woimbayo wayang'ana kuti.

Musade nkhawa kuti mudzaona chachilendo. Chaka chonse mwadutsa pakati pathu galasi lili chitsekere, foni ili kukhutu, ndipo simunatiyang'anepo kumaso ndi tsiku limodzi lomwe. Nkhope zathu zonsezi inu simuzifuna, Bwana. Mwana wanga akufuna imodzi yokha.

Ine wantchito wanu wa pageti,
Wang'oma Yaikulu,
bambo wake wa Ulimbo.