Mfuti Yachidole Yandisowetsa Mtendere

Lolemba

Mfuti ili pansi pa bedi. Ndikulemba zimenezi kuti mwina mtima ukhale m'malo.

Si mfuti yeniyeni ayi. Ndi ya masewera aja a airsoft, othamangitsana m'tchire n'kumawomberana ndi timipira tapulasitiki tating'ono ngati nandolo. Wandipatsa ndi Mulenga, mnzanga wa ku Zambia amene timasamalira limodzi okalamba kuntchito, poti iye wagula ina yapamwamba. Ino ndi yotchipa, theka yakuda, theka yopakidwa penti wobiriwira wothobwa m'maso. Lamulungu ndikukasewera nawo koyamba.

Malangizo a Mulenga: "Iyi ni ya cheap, mudala. Silicone oil chabe, ka drop kamozi. Battery uzichosa. Na paint usagwire."

Kundiphunzitsa ine kusamala chinthu! Ine amene ndinasunga njinga imodzi ku Dedza kuyambira ku sekondale mpaka tsiku lokwera ndege! Mfuti imeneyi m'manja mwanga ikalamba.

Pulani:
- kuithira oyilo
- kuitsuka mpaka iwale
- kuchotsa batire ndikamaliza
- Mayi Gondwe asaione

Chomalizachi ndiye chachikulu. Mayi Gondwe ndi eni nyumba ino ya ku Barking, namwino, komanso mkulu wa mpingo. Ine ndimachita lendi kachipinda kapamwamba. Ndipo viza yanga inamangiriridwa kuntchito. Dzina langa likangolembedwa kupolisi, ntchito yatha, ulendo wakumudzi wayambika.

Lachiwiri

Oyilo wa silikoni uja ndamufuna m'masitolo atatu, kulibe. Wogulitsa wina wandifunsa kuti ndi wa chiyani. Ndati wa njinga, n'kutuluka osagula kanthu.

Koma oyilo ndi oyilo basi. M'kabati ya pansi pa masitepe muli wa makina osokera a Mayi Gondwe. Dontho limodzi ati? Makina n'kuwapatsa dontho limodzi ngati mankhwala a m'maso? Ndathira mumpope, ndathira molowera timipira, ndathira paliponse pamene ndaona kabowo. Yamwa mpaka kukhuta.

Ndili mkati mothira, gogogo pachitseko! Mfuti pansi pa bulangete, ine pamwamba pake, chigono chachilendo.

"M'chipinda muno mukununkha ngati kwa telala," akutero Mayi. Angobwera kudzandikumbutsa kuti mawa ndi tsiku lotulutsa bini ya zinyalala.

Bulangete lathimbirira. Msana ukuwawa.

Lachitatu

Tsiku loyesa. M'nyumba mulibe munthu, makatani otseka, katoni yodzaza majuzi akale pakona. Ndakhethemula.

Mota ikulira bwinobwino, wiii! Kampira katuluka mwaulesi, kagwera pachala changa chakuphazi. Kachiwiri kakana kutuluka n'komwe.

Mulenga wayankha ndi uthenga wamawu, theka lake n'kuseka kokhakokha. "Oil ya machine? Iwe! Muli ka rubber mukati, manje kavimba. Sininakuuze?" Akuti kalabala kameneko amagulitsa, adzandiikira kena. Chabwino, zimenezo n'zokonzeka.

Koma kunja kwake! Mafuta akuchucha m'mbali monse, akola fumbi, ubweya wa kapeti, ngakhale tsitsi limene si langa. Kupita nayo kwa anzanga ili chonchi, adzandiseka mpaka Khirisimasi. Mawa kutsuka.

Lachinayi

Mayo ine!

Sopo wakanika. Ndatenga sipiriti ndi kawaya kokwechera mapoto. Ndikukwecha monga anandiphunzitsira amayi anga, mwamphamvu, ndikuimba. Kenako pambali paoneka kachigamba kakuda pakati pa kubiriwira kuja, konyansa ngati chipere. Ndati ndilinganize pang'ono. Chigamba chakula. Ndati ndilinganizenso. Ine chinthu chamawangamawanga sindichifuna, ndiye ndangomaliza yonse.

Tsopano ndi yakuda bii. Yokongola, ndisaname. Ndaima nayo pagalasi, ndipo munthu amene ndamuona m'menemo ndamuopa ndekha.

Ndafufuza pafoni. Kani penti uja sanali wokongoletsa! Amapaka dala, mwalamulo, kuti aliyense aone patali kuti n'chidole. Kumuchotsa kuti chioneke ngati mfuti yeniyeni ndi mlandu. Ndawerenga katatu, Chingerezi chake sichikusintha.

Dzulo pansi pa bedi panali chidole chodwala. Lero pali mlandu, ndipo ndaupanga ndi manja angawa, ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Chakudya ndachisiya m'mbale.

Lachisanu

Kuntchito maganizo ali pansi pa bedi. Tiyi wa agogo ena ndawapatsa theka m'kapu, theka m'sosala. Masana manijala andiitanira muofesi. Ndayamba kale kuganiza za sutikesi. Nkhani yake: ndisainire maphunziro ozimitsa moto. Ndathokoza kawiri ndi manja awiri, iwo angondiyang'ana.

Mulenga ndamuonetsa chithunzi. Sanaseke, ndipo chimenecho ndicho chandiopsa koposa.

"Delete iyo photo manje manje. Mailo pa Saturday uibwerese kwanga ku Ilford, nili na spray paint. Mu bag, usaonese muntu."

Njira zina zimene ndaganizira:
- kutaya m'bini: otola zinyalala aipeza, aimbira apolisi, zidindo za zala zanga zili ponseponse
- kuponya mumtsinje: makamera
- kukwirira kuseri kwa nyumba: nkhandwe za kuno zimafukula chilichonse
- kupemphera: ndayamba kale

Sairini iliyonse yodutsa mumsewu ndikuimva ngati ikukhotera kuno. Ndikuopa, ndipo kupatula Mulenga ndilibe womuuza.

Loweruka

Ndaikulunga m'chitenje, ndaiika m'chikwama cha zovala. Yatalika, mpope ukusuzumira kunja. Ndauveka sokosi.

Pamalo okwerera basi pali apolisi awiri. Akungocheza, wina akudya sangweji. Sanandiyang'ane n'komwe. Ine ndatembenuka ngati wapaperete, kubwerera kunyumba, thukuta kamukamu chonsecho kukuzizira. Ku Ilford sindifikako.

Basi, ndipenta ndekha. M'shedi muli chitini cha penti wotsala wa kubafa, wapinki. Ndapaka ndi burashi, wambiri, kawiri. Ndipo chinthu chopentedwa chimauma padzuwa, zimenezo aliyense amadziwa. Ndaipachika pachingwe choyanikira kuseri kwa nyumba, mphindi khumi zokha, poti Loweruka Mayi amakhala ali kumsika.

Lero sanapite.

Atulukira ndi beseni la zochapa. Aima. Ayang'ana mfuti ikudontha pinki pa udzu, ayang'ana mawindo a anthu oyandikana nafe, kenako ayang'ana ine. Sanakuwe. Atenga thaulo lonyowa m'beseni n'kuiphimba.

"Lowa nayo m'nyumba. Pang'onopang'ono. Usathamange."

Kukhitchini ndafotokoza zonse: kuti n'chidole, kuti ndi masewera, kuti anthu amasewera sabata iliyonse popanda vuto, kuti pinkiyo ndiye lamulo limene. Amvetsera mpaka pamapeto, manja ali pathebulo.

"Mwana wanga, ine ku A&E, kofikira ovulala mwadzidzidzi, ndagwirako zaka zambiri. Neighbour akaimba phone sanena kuti ndaona toy. Amati ndaona munthu wakuda ali ndi gun. Ndipo obwerawo sayamba ndi mafunso. Viza ndi nkhani yaing'ono. Amayi ako ku Dedza ndikawauza chiyani ine?"

Sabata yonse ndakhala ndikuopa kukwera ndege yobwerera. Sindinaganizepo kuti munthu angathe kubwerera ali m'bokosi.

Lamulungu

Anzanga ali kutchire, akuwomberana n'kumaseka. Ine ndili m'shedi ndi sowo ya malemu Bambo Gondwe. Mayi akhala pampando pakhomo, atavala kale za kutchalitchi, Baibulo pamiyendo. Sanandithamangitse m'nyumba. Sanauze munthu. Angolamula kuti idulidwe mpaka isafanane ndi chilichonse.

Yosavuta kudula n'komwe. Ndimayesa mkati muli zitsulo zolemekezeka, kani zambiri ndi pulasitiki. Chidutswa chilichonse ndikuwaonetsa. Akapukusa mutu, ndikudulanso. Mafuta a makina awo akutulukabe.

Mawa ndili ndi shifiti ya m'mawa, ndipo ndipita ngati munthu wopanda mlandu. Ndiyenera kuthokoza, ndipo ndikuthokoza. Koma zikundiwawa. Kampira kamodzi kokha ndi kamene ndawombera moyo wanga wonse, nako kanagwera pachala changa.

Ndamuimbira Mulenga kuti ndipepese. Kwa ine yatha sabata imodzi, kwa iye inakhala zaka zitatu. Ndamufunsa kuti ankaisamala bwanji.

"Kuisamala? Mudala, nenze kuiponya chabe mu wardrobe. Sininaisukepo."

Mayi akuitana, akuti tichedwa. Pinki wa m'zikhadabo wakana kuchoka, ndipita naye choncho.