Wailesi ya Pansungwi

Dilu yonse inabadwira kuseri kwa bala ya padoko, patebulo la miyendo itatu limene mwendo wake wachinayi unali kreti ya mabotolo. Linali Lachisanu masana, ndipo Jenerala anali atagulira anzake mowa, zimene zinali zisanachitikepo chibadwire chake. Jenerala sanapondeko ku usilikali. Dzinalo analipata chifukwa cha jekete yobiriwira imene sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo, komanso chifukwa pantchito iliyonse ankakonda kulamula, kunyamula ayi.

Kumanja kwake kunakhala Sipanala, wothyola maloko, munthu wowonda amene ankadziwa pang'ono za chilichonse, ndipo pang'onopo ankapafotokoza ngati anakaphunzira kunja. Kumanzere kunali Mkamwini.

Mkamwini sanali mbava yeniyeni, anali munthu wa mavuto chabe. Ankakhala m'kachipinda kakuseri kwa apongozi ake, a Kaputeni, oyendetsa boti lalikulu la usodzi, ndipo padoko panalibenso wokumbukira dzina lake lenileni. Banja lake linali litatha zaka ndithu popanda mwana. Apongozi aakazi anali atasiya kufunsa ndi pakamwa. M'mawa uliwonse ankangoyang'ana pamimba pa mwana wawo, kenako n'kuyang'ana Mkamwini, n'kuusa moyo. Sabata imeneyo anali atanena mosapsatira mawu kuti chaka chikatha kuli zii, m'kachipindamo alowetsamo nkhuku, poti nkhuku zimaikira. Mkamwini ankamukonda mkazi wake, ndipo ankaopa kumutaya kuposa mmene ankaopera apolisi. Chimene ankafuna m'diluyi ndi kupita naye kwa dokotala wamkulu ndi kupeza nyumba yawoyawo, kutali ndi maso a apongozi.

Jenerala anayala pulani. Kuseri kwa fakitale ya ayisi kunali shopu ya mainjini a maboti, ndipo Lamlungu masana mlonda wake ankazemba kukaonera mpira. Mbava zopusa, iye anatero, zimaba usiku alonda ali maso, agalu atamasulidwa. Madolo amaba masana atavala maovolosi, aliyense n'kumaganiza kuti ndi antchito. Sipanala athyola loko ndi kukankha wilibala, Jenerala ayang'anira, Mkamwini akhala padenga la fakitale n'kumaona obwera. Kenako anapisa m'jekete n'kutulutsa mawailesi awiri achikasu am'manja, aja ena amawatcha ovaova. Anati anawatola m'boti la alendo, alendowo asanadziwe kuti awataya.

"Foni ndi kazitape, amwene," anatero. "Ichi chilibe simu, chilibe nambala, sichidya mayunitsi. Ukadina batani ili n'kuyankhula, ndimamva ine ndekha."

Mkamwini anatenga wailesi yake, ndipo inali italowa kale theka m'thumba la buluku pamene Sipanala anamugwira dzanja. Anafotokoza kuti zinthu zimenezi zimatulutsa mphamvu yosaoneka yodzera pa eriyo, kamtengo kakuda kapamwambako. Msuweni wake wina, anatero, ankakwera nsanja za mafoni, ndipo mpaka lero kunyumba kwake kumalira mphaka yekha.

"M'thumba la buluku, aise? Pamenepo mbewu zonse zimaphikika ngati dzira."

Jenerala anaseka mpaka kutsamwa. Mkamwini sanaseke. Anakumbukira mmene a Kaputeni amagwirira wailesi yawo: eriyo chilili, chapatali ndi nkhope, osaigunditsa pakamwa. Ndipo a Kaputeni anali ndi ana odzaza nyumba. Masamu ake anali osavuta. Ngati kutalikitsa wailesi pang'ono chabe kunawapatsa apongozi ana onsewo, ndiye kuti woitalikitsa kwambiri akhoza kubereka mapasa. Kufunsa apongoziwo sakanatha, chifukwa munthu sufunsa apongozi za wailesi yobedwa.

Lamlungu m'mawa anazula nsungwi yaitali yochirikizira chingwe choyanikira zovala, zovala za apongozi n'kugwera m'fumbi. Wailesi anaiika m'ndowa, ndowayo n'kuikoleka kunsonga kwa nsungwi. Akutuluka pageti, mkazi wake anamuitana chapansipansi n'kumuuza kuti abwere msanga madzulo, ali ndi nkhani. Kwa Mkamwini nkhani inalipo imodzi yokha, ya nkhuku zija, ndipo anayenda ulendo wonse wa kudoko ali ndi chisoni.

Padenga la fakitale anafikapo bwino, pamakwerero achitsulo. Anatsegula wailesi atatembenukira kumbali, naimangirira kunsonga kwa nsungwi ndi mphira wa chubu cha njinga. Apa m'pamene anaona vuto: dzanja lake silikanafika pabatani. Anaganiza pang'ono, n'kumwetulira. Anazunguliza mphira wina pabatanipo mpaka linakanirira mkati, kagetsi kofiira n'kuyaka osazimanso. Anatambasula nsungwi ija ngati akuwedza nsomba mumlengalenga, ndipo anadziona kuti ndi wanzeru kuposa Jenerala ndi Sipanala kuphatikiza.

Pali zinthu ziwiri zimene mwana aliyense wa msodzi amadziwa, koma madolo athuwa sankadziwa. Choyamba, mawailesi aja ankayakira pa tchanelo 16, pamene maboti onse, ofesi ya padoko ndi apolisi a pamadzi amasiya potsegula nthawi zonse, chifukwa ndi pamene munthu amene akumira amaitanirapo thandizo. Chachiwiri, wailesi yodinidwa batani imangoyankhula, siimva.

Poti wailesi inali kutali, Mkamwini anayenera kukuwa.

"Jenerala, Jenerala, ndine Mkamwini, mkamwini wa a Kaputeni uja. Mlonda wapita kumpira. Thyolani loko wakumbuyo kwa shopu ya mainjini. Ova."

Ku ofesi ya padoko kalaliki anasiya tiyi. M'maboti asodzi anasiya kukoka maukonde. Kushedi yogulitsira nsomba, kumene mwini sikelo ankakoleka wailesi yake pamsomali, amayi anakhazikitsana chete.

Yankho silinabwere, ndipo Mkamwini anaona kuti Jenerala watanganidwa. Anapereka malipoti ake mokhulupirika: galu wadutsa, Sipanala akuchedwa ndi loko, wilibala ili kuseri kwa migolo yabuluu. Koma padenga panali potentha ndi posungulumwitsa, ndipo munthu wa mavuto akapeza khutu losamudula mawu sachedwa kumasula mtima. Anayamba ndi nkhuku. Anafotokoza za kuusa moyo kwa apongozi aakazi, naonetsa ndi mmene amauusira. Ananena kuti a Kaputeni panyanja ndi mkango, koma kunyumba amapempha chilolezo chothira shuga m'kapu. Kenako mawu ake anatsika, ngakhale osati mokwanira, nayamba kulongosola mankhwala onse amene anamwapo, ogula pamsika ndi opatsidwa ndi anzake, ndi mmene ena anamutsegulira m'mimba sabata yathunthu.

"Vuto mwina ndine, Jenerala. Mkazi uja alibe chifukwa. Akandisiya, ine ndatha. Izi ndikuuza iwe wekha, usauze munthu. Ova."

M'shopu muja Jenerala anali atakuwa m'wailesi yake mpaka kusasa mawu kuti Mkamwini atseke pakamwa. Ataona kuti sizikumveka, anatsitsa voliyumu mpaka pansi, n'kuiponya m'jekete kuti aganize bwino. Kutali pamadzi, kaboti kena kamene injini yake inazima kanayesa kuitana thandizo, koma tchanelo chonse chinali chitadzaza ndi m'mimba mwa Mkamwini, mpaka eni ake anavula malaya n'kumakupiza. Amene anawaona n'kuwakoka anali a Kaputeni, omwe anali atatembenuza kale boti lawo kulunjika kudoko. Antchito awo onse ankayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka.

Apolisi sanathamange n'komwe. Anayenda mwachifatse, n'kukaima pamthunzi kuseri kwa migolo yabuluu ija, wailesi yawo ili pakhutu, kudikira kuti injini ikwere kaye pawilibala. Anthu nawo anayamba kusonkhana, ena atanyamula ana paphewa. Mkamwini anawaona, ndipo anapereka lipoti loti anthu achuluka koma palibe vuto, onse akuyang'ana iye, palibe akuyang'ana shopu. Gulu lonse linaphulika ndi phwete, iye n'kudabwa kuti akuseka chiyani.

Zipewa za apolisi anaziona mochedwa. Anakuwa kuti Jenerala athawe, anakuwanso, ndipo mawu ake anamveka bwinobwino m'maboti onse, ku ofesi, kushedi, ndi m'dzanja la wapolisi wamkulu. Kumene sanamveke ndi m'jekete ya Jenerala mokha. Chitseko chakumbuyo chinatseguka, Sipanala anatuluka akukankha wilibala thukuta lili kamukamu, Jenerala ali patsogolo kumulozera njira ndi chala. Ataona gulu la anthu, Jenerala anakonza kolala ya ovolosi n'kunena mwaulemu kuti apatseni njira antchito. Anthu anapatukadi, ndipo njirayo inakathera pa wapolisi wamkulu.

Mkamwini anaganiza zotaya umboni. Anaponya nsungwi ndi wailesi yomwe m'madzi kuseri kwa fakitale. Koma mawailesi a pamadzi amapangidwa kuti asamire, ndipo akanyowa amayatsa getsi kuti mwini wake awapeze. Wailesi inayandama pamaso pa anthu onse, ikuphethira ngati yasangalala, nsungwi ya apongozi ikuitsatira pambuyo. Wapolisi wina anamugwirira makwerero kuti atsike bwino.

A Kaputeni anafika kupolisi akununkha nsomba, wailesi yonyowa ija ili patebulo pamaso pawo. Mkamwini atawafotokozera za eriyo ndi mbewu zophikika zija, sanakalipe. Anamasula mphira pabatani pang'onopang'ono, monga munthu womasula bandeji pachilonda.

"Akamwini, mukanandifunsa. Ichi chikakhala chete chimangomvera, sichitulutsa kanthu, kaya chili m'thumba kaya pamutu. Mphamvu imatuluka mukadina batani. Ndiye mumaimika eriyo, kuitalikitsa pang'ono ndi nkhope, osaigwira, kunena mawu anu mwachidule, n'kusiya batani. Basi. Ine ndagwira chimenechi moyo wanga wonse, ndipo ana anga mukuwadziwa, mmodzi munakwatira. Inu nokha padoko lino ndi amene mwachiyankhulitsa osapuma, pa tchanelo cha anthu omira."

Kenako anawonjeza kuti nkhani ya shuga ija akambirana tsiku lina.

Sipanala, ali pabenchi m'maunyolo, anati iye ananena kale kuti zinthuzi n'zoopsa. Mkamwini atamufunsa za msuweni wake wa nsanja uja, anavomera kuti munthuyo sanakwatirepo. Jenerala anapempha kuti polemba mlandu alembe kuti iye sanagwire injini, ankangoyang'anira.

Mkazi wa Mkamwini analowa pomalizira, maso ali ofiira. Anali kushedi ya nsomba pamodzi ndi amayi ake, ndipo anamva zonse, kuyambira nkhuku mpaka mankhwala. Mkamwini analephera kumuyang'ana. Manyazi anamugwira, koma mantha anaposa manyazi, ndipo anafunsa ngati nkhani ya madzulo ija inali yoti alongedze katundu.

"Nkhani yake inali yoti ndine woyembekezera," anatero mkaziyo. "Kuchipatala ananditsimikizira Lachisanu, inu muli kumowa. Ndinkafuna muyambe kumva ndinu, muli nokha, chitseko chili chotseka. Ena timatero ndi nkhani za kuchipinda."

Mkamwini anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. Analira, theka chifukwa cha chimwemwe, theka chifukwa choti wapolisi anali atayamba kale kumuvula lamba ndi zingwe za nsapato.

Woweruza anawapatsa nthawi ya kundende yotalikirapo kuposa ya mimba. Nkhuku sizinalowe m'kachipinda kaja, munalowa kabedi ka mwana. Tsiku limene mwanayo anabadwa, a Kaputeni anatenga wailesi yawo, eriyo chilili, chapatali ndi nkhope. Anaitana anzawo mwachidule pa 16, nawauza kuti asamukire pa tchanelo china monga mwa lamulo, ndipo kumeneko analengeza kuti kwabwera mdzukulu wamkazi, wamphumi ngati bambo ake. Maboti analiza mahutala, amayi a kushedi anaimba nthungululu, ndipo doko lonse linadziwa lisanalowe dzuwa. Mwini mwana anamva mawa lake, kwa msilikali wa ndende amene anamva kwa mlamu wake wogulitsa ayisi.