Pampu ya Njinga ya Atsibweni

Lolemba
Chaka chachiwiri ndili pakhomo kwa Makhuwira, digiri ya uinjiniya ikugona m'sutikesi pamodzi ndi nsalu za mayi za kutchalitchi. Lero ndaona pafoni: kampani ina ya ulimi wothirira ikufuna injiniya, kutseka Lachisanu. Akuti tumizani zithunzi za ntchito imene munagwirapo. Ntchito yanji abale, poti palibe anandilembapo? Basi, ndidzilemba ndekha. Ndipanga pampu yopalasa ndi njinga, ikoke madzi mu Shire mpaka kudimba la mayi.
Zofunika:
njinga
mapaipi
lamba
chipewa choyera cholimba cha mainjiniya chija (ichi ukufuna ndi mtima chabe)

Lachiwiri
Njinga ilipo imodzi, ya kabaza ya atsibweni. Yankho loyamba, kukana m'Chisena: "Nkhabe!" Yankho lachiwiri: "Njinga iyi ndiye munda wanga, mwana iwe." Mayi awakumbutsa kuti tsiku lomwe ndinalandira digiri anavina kuposa tonse. Alola, masiku atatu okha. Mapaipi ndatola akale kusikimu ina yothirira yomwe inafa.
Anzanga a m'kalasi aika zithunzi pagulu, ali pa mlatho atavala mabuti. Ndawayamikira. Mtima ukuwawa, ndikulakalaka ndikanakhala nawo.

Lachitatu
Ndayeza gombe lonse ndi chingwe. Paliponse ndi phompho, kupatula malo amodzi: otsetsereka bwino, otakata, osalala, opanda ndi bango lomwe. Ngati anachita kulambula akatswiri! Ndakhazika pampu pomwepo. Amayi a madimba oyandikana aima ndi ndowa zawo, akundiyang'ana, akuyang'anana.
"Apa, a injiniya?"
Apa. Masamu anga akutero.
"Chabwino, odziwa ndinu."

Lachinayi
Madzi atuluka! Ndapalasa thukuta lili kamukamu, paipi yatsokomola kawiri, kenako madzi mpaka pa mpiru wa mayi. Ndalira, sindibisa. Zaka zisanu za sukulu, lero ndi pomwe zanyowetsa nthaka.
Chithunzi: foni yatentha ndi dzuwa, yazima. Kumsika magetsi kulibe. Ndijambula mawa m'mawa. Njinga igone konko, kuimasula n'kovuta.

Lachisanu
Mvuu.
Malo okongola aja ndi njira yake yotulukira kukadya. Zomwe ndapeza: mapaipi ophwanyika, gudumu lopindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe, chishalo sichikuoneka. Mpiru wonse yadya, wothiriridwa bwinowo.
Ndafunsa amayi aja chifukwa chake sanandichenjeze. "Ife timayesa kuyunivesite anakuphunzitsani za mvuu." Mayi anga enieni nawo: "Ndikanakudzudzula bwanji pa anthu, iwe wophunzira?"
Foni yayaka. Choti ndijambule chomwe chilipo ndi mapazi a mvuu m'matope. Sindinatumize kanthu. Atseka.

Loweruka
Atsibweni angokhala pansi pa mtengo wa msawu kuyang'ana mtembo wa njinga. Ndayamba kuwongola gudumu, sipoko imodziimodzi. Tcheni. Mabuleki, omwe anafa kale mvuu isanabwere. Chishalo chapezeka m'bango. Madzulo akwera, azungulira mudzi kawiri.
"Ikuthamanga kuposa kale!"
Akauza siteji yonse ya kabaza. Za mvuu akauzanso, ndikudziwa.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi ndapeza njinga zinayi pakhomo, eni ake akudikira pamthunzi. Wina akuti tcheni chimadumpha, wina gudumu limavina. Palibe akunyoza.
Pamsewu padutsa galimoto yoyera ya kampani, fumbi lili koboo. Ndaiyang'ana mpaka yabisika. Sindikufuna zambiri ine, ngalande imodzi yokha yoti ndijambule papepala, madzi n'kuyendamo monga ndawauzira.
Mayi akuuza mnzawo pampanda kuti, "Mwana wanga wayamba ntchito." Akunena monyadira, momwe ndakhala ndikulakalaka kuwamva zaka ziwiri zonsezi. Sindikuwatsutsa. Ndatenga sipanala.